MALIPIRO AGULA THUKUTA, SAGULA MBUMBA

Munthu akalembedwa ntchito, nagwira mwezi wathunthu, nalandira malipiro ake, kodi wagulitsa chiyani? Ambiri adzayankha msanga kuti wagulitsa mphamvu zake ndi nthawi yake, ndipo ayankha bwino. Wantchito adziwa kuti adzatopa, kuti manja adzatuluka matuza, kuti dzuwa lidzamuwamba ndi mvula idzamunyowetsa. Zonsezi azivomera tsiku lolembedwa, ndipo palibe wanzeru amene angaimbe mlandu mwini munda chifukwa cha kutopa kwa antchito ake. Koma m'thupi la munthu muli zinthu zina zimene sizilowa m'pangano la ntchito, ngakhale malipiro atakula chotani, ndipo china mwa izo ndi mphamvu ya kubereka. Tsono lero tisinkhesinkhe za anthu amene analandidwa mphamvu imeneyi m'minda ya nthochi ya ku Central America, kuti tione pamene cholakwa chinagona, ndi amene ayenera kuchisenza.

ZA MANKHWALAWO

Nthochi ili ndi mdani wosaoneka ndi maso. Ndi tinyongolotsi ting'onoting'ono ta m'nthaka, timene tiboola mizu ndi kuiwoletsa, kotero kuti nthochi yolemedwa ndi mkoko igwa pansi pakangowomba mphepo. M'zaka za m'ma 1950 kunatuluka mankhwala amadzi otchedwa DBCP, amene akathiridwa m'nthaka asanduka mpweya napha tinyongolotsito. Makampani awiri akuluakulu ndiwo anali patsogolo powapanga: Shell inawatcha Nemagon, ndipo Dow Chemical inawatcha Fumazone. Alimi anawakonda, pakuti anali amphamvu, osakwera mtengo, ndiponso ankatha kuthiridwa mbewu zili m'munda osaziwononga.

Koma pofika chaka cha 1958 ofufuza ogwirira ntchito makampani onse awiri anali ataona kale kuti makoswe aamuna opuma mpweya wa mankhwalawa, ziwalo zawo zaubereki zinafota. Mu 1961 zimene anapezazo zinasindikizidwa kuti akatswiri anzawo awerenge, ndipo zinasonyeza kuti ngakhale pa muyeso wochepa koposa umene anayesa, ndiwo magawo 5 mwa magawo 1,000,000 a mpweya, kuwonongeka kunalipo ndithu. Ngakhale zinali choncho, mankhwalawa analoledwa kugulitsidwa, ndipo mawu olembedwa pa migolo sanatchule kanthu za kubereka. Chaka cha 1961 tichisunge bwino m'mutu, pakuti mlandu wonse utsamira pa icho.

Zinthu zinaululika mu 1977 ku Lathrop, m'chigawo cha California, pa fakitale ya kampani ya Occidental Chemical kumene ankasakaniza mankhwalawa. Sanaulule ndi akatswiri ayi. Antchito okha, pocheza mwa iwo okha, anazindikira kuti m'gulu lawo munapita zaka popanda wina kubereka mwana. Anapempha kudzera m'bungwe lawo la antchito kuti ayesedwe, ndipo dokotala Donald Whorton anawayesa. Mwa amuna 25, amuna 14 anapezeka opanda mbewu konse kapena ndi mbewu yochepa kwambiri, ndipo amene anagwira ntchitoyo zaka zambiri ndiwo anavulala koposa. Chaka chomwecho California inaletsa mankhwalawa, ndipo Dow ndi Shell analeka kuwapanga. Mu 1978 boma la United States linalamula kuti mpweya wa pamalo a ntchito usapitirire gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000. Mu 1979 linawaletsa m'minda yonse, kupatula minda ya zinanazi ya ku Hawaii, kumenenso analetsedwa mu 1985.

KUMENE CHILETSO SICHINAFIKE

Munthu angayembekeze kuti mbiri ya ku Lathrop itamveka, migolo yonse inatsekedwa pa dziko lonse lapansi. Sizinatero. Kampani ya Standard Fruit, imene tsopano idziwika ndi dzina la Dole, inali ndi minda yaikulu ya nthochi ku Costa Rica, Honduras ndi Nicaragua. Makalata amene anaonetsedwa m'mabwalo a milandu pambuyo pake asonyeza kuti Dow itafuna kuleka kutumiza mankhwalawa, Standard Fruit inaumirira kuti pangano la malonda lisungidwe, nilonjeza kuti ikabuka milandu idzaisenza yokha. Motero mankhwala amene anaoneka oopsa kwa mwamuna wa ku California anapitirira kuthiridwa ndi mwamuna wa ku Central America. Costa Rica inawaletsa mu 1979, koma m'maiko ena anagwirabe ntchito mpaka m'zaka za m'ma 1980.

Kathiridwe kake kanali ka njira ziwiri. Pena wantchito ankayenda ndi chida chonga jekeseni wamkulu, nabaya nthaka mozungulira tsinde lililonse la nthochi. Pena mankhwalawa ankasakanizidwa ndi madzi othirira, nawazidwa pamunda ngati mvula. Antchito ambiri anachitira umboni kuti sanapatsidwe magolovesi, nsapato zazitali kapena chotchinga pamphuno. Kuti chidacho chikagunda mwala madzi ake ankawathovukira pathupi. Ndi kuti palibe anawauza zimene zinapezeka pa makoswe mu 1961 kapena pa anthu mu 1977. Mankhwalawa alowa m'thupi kudzera pakhungu ndi m'mapapo. Ku Costa Rica kokha, ofufuza anawerenga amuna pafupifupi 1,500 amene anataya mphamvu ya kubereka. M'zaka zotsatira amuna zikwi makumi anasuma milandu, ochokera ku Central America, Ecuador, Philippines, ndiponso ku Côte d'Ivoire muno mu Africa.

Tisaganize kuti zoterezi zinachitika kamodzi kokha, kapena kuti zikhudza amuna okha. Pa zisumbu za Guadeloupe ndi Martinique, zimene zili pansi pa France, alimi a nthochi anathira mankhwala ena otchedwa chlordecone kuyambira mu 1972, pofuna kupha kachirombo koboola tsinde la nthochi. France inawaletsa mu 1990, koma pa zisumbuzo analoledwabe mpaka mu 1993. Mankhwala amenewo sawola msanga m'nthaka. Pofika 2018 kunadziwika kuti akuluakulu oposa 90 pa 100 alionse a pa zisumbuzo ali nawo m'magazi, ndipo ofufuza a ku Guadeloupe anapeza kuti amayi amene ali nawo ochuluka m'magazi abereka kawirikawiri masiku asanakwane.

CHIMENE CHINATAYIKA

Tisanafike pa mlandu, tiyambe taona kukula kwa bala. Munthu akaduka dzanja pa makina, onse aona, onse amumvera chisoni, ndipo mwini ntchito sangakane. Bala la DBCP n'losiyana. Mankhwalawa apha timagwero ta mbewu m'kati mwa thupi, koma asiya mwamunayo ali ndi mphamvu zake zakunja. Adya bwino, anyamula katundu, ndipo m'nyumba akhala monga mwamuna aliyense. Ena amene anavulala pang'ono anachira atasiya ntchitoyo, koma ambiri mwa amene mbewu inatheratu sanachire konse.

Tsono taganizani za nyumba yotere. Chaka choyamba cha ukwati chitha, chachiwiri chitha, palibe mimba. Mwamuna aoneka wamoyo, ndiye maso onse atembenukira kwa mkazi. Apongozi ayamba kunong'ona, anzake amuseka kuchitsime, iye mwini adziyesa wotembereredwa, pamene alibe chilema chilichonse. Antchito ambiri a m'minda ija anasimba kuti maukwati awo anatha chifukwa cha zimenezi. Motero mgolo umodzi unavulaza anthu awiri, wogwira ntchito ndi mkazi wake amene sanapondepo m'mundamo. Unachotsanso ana amene akanadzasamala makolowo pa ukalamba, ndi kuzimitsa dzina la banja.

CHOTSUTSA CHOYAMBA: ANAVOMERA OKHA

Wina adzati: Anthu amenewa sanagwidwe ukapolo. Anadza okha kudzapempha ntchito, analandira malipiro, ndipo anali ndi ufulu wochoka. Aliyense adziwa kuti mankhwala opha tizirombo ndi poizoni. Safunsa anadya phula.

Mwambiwo ngwoona, koma pano sugwira. Munthu afunsa pa chinthu chimene akuchikayikira. Wantchito wa m'munda angafunse ngati mankhwala awotcha khungu, kapena ngati apha munthu akawamwa, pakuti zimenezi anazionapo. Koma ndani, poona madzi othira pa mizu ya nthochi, angaganize zofunsa ngati adzamulanda ana patapita zaka zisanu? Funso lotere lingabwere m'mutu mwa munthu yekhayo amene anaona makoswe aja. Tiphunzitsa ana a katekisimu kuti munthu achita chinthu mwaufulu pamene achidziwa ndi kuchifuna. Kuvomera kopanda kudziwa sikuvomera konse. Wantchito anavomera kutopa chifukwa anakudziwa, koma kusabereka sanakuvomere, chifukwa kunabisika kwa iye.

Nanga akanauzidwa, navomerabe chifukwa cha njala? Papa Leo XIII, m'kalata yake ya 1891 yonena za antchito, anaphunzitsa kuti munthu wolandira ntchito yowawa chifukwa cha umphawi kapena mantha, popeza mwini ntchito sampatsa ina yabwino, wachitidwa nkhanza ngakhale atasaina pangano. Ndiponso pali china chozama. Munthu sangagulitse chimene si chake yekha. Mphamvu ya kubereka ya mwamuna wokwatira ili ya banja, ndipo mkazi wake ali nayo gawo. Papa Pius XI anakumbutsa mu 1930 kuti ngakhale boma lilibe ulamuliro wowononga ziwalo za anthu ake, ndi kuti munthu mwini saloledwa kuwononga ziwalo zake, pokhapokha moyo wa thupi lonse utafuna zimenezo. Chimene boma silingalande, chimene mwini thupi sangataye, kampani ya nthochi ingachigule bwanji ndi malipiro a pamwezi?

CHOTSUTSA CHACHIWIRI: WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Wina adzati: Popanda mankhwala nthochi zikanagwa, minda ikanatsekedwa, ndipo anthu zikwizikwi akanasowa ntchito. Chabwino chilichonse chili ndi choipa chake. Ndiponso malamulo a maiko amenewo sanaletse mankhwalawa pa nthawiyo.

Tiyenera kuvomereza chimene chili choona m'mawu awa. Mankhwala opha tizirombo si oipa mwa iwo okha. Mlimi amene anaonapo munda wake ukutha ndi mbozi adziwa phindu lawo, ndipo si nzeru kunyoza luso limene lichulukitsa chakudya. Aphunzitsi a za chikumbumtima avomerezanso kuti nthawi zina munthu aloledwa kuchita chinthu chabwino chimene chibwera ndi choipa chosafunidwa. Koma aika malire: choipacho chisapose chabwinocho, ndipo wochitayo ayesetse ndi mphamvu zake zonse kuchichepetsa. Kodi malire amenewa anasungidwa? Kuika chenjezo pa mgolo m'chinenero cha antchito, kugula magolovesi, kuyesa amuna kuchipatala chaka ndi chaka, zonsezi zinali zotheka, ndipo mtengo wake unali waung'ono poyerekeza ndi phindu la nthochi.

Mwambi wa mvula ndi matope unena za munthu mmodzi, amene alandira zonse ziwiri. M'minda ija mvula inagwera ena, matope anagwera ena. Phindu linapita kwa eni makampani ndi kwa ogula nthochi zotsika mtengo m'masitolo a kutali, ndipo kusabereka kunatsalira munthu wobaya nthaka. Palibe chilungamo pamene wina asankha ngozi, ndipo wina ndiye aisenza.

Za malamulo, tidziwa tonse kuti lamulo la boma ndi mpanda wa kunja chabe. Lichedwa, ndipo m'maiko osauka lichedwa koposa, chifukwa boma lilibe akatswiri okwanira oyesa mankhwala, ndiponso liopa kukwiyitsa kampani imene ilemba anthu ambiri ntchito. Chikumbumtima sichidikira lamulo. Thupi la mwamuna wa ku Nicaragua silisiyana ndi la mwamuna wa ku California, ndipo chimene chinafotetsa mmodzi chinali choti chifotetse winayo. Wodziwa zimenezi, napitiriza chifukwa lamulo la kumeneko linali lisanalembedwe, wanena ndi zochita zake kuti ana a mmphawi ngotsika mtengo. Papa Francis anadzudzula khalidwe lomweli mu 2015, ponena za makampani amene achita m'maiko osauka zinthu zimene sakanaloledwa kuchita kwawo. Maiko nawonso anazindikira choipachi, napangana ku Rotterdam mu 1998 kuti mankhwala ena oopsa asatumizidwe ku dziko lina lisanauzidwe ndi kuvomera.

CHOTSUTSA CHACHITATU: KODI KUSABEREKA NDI BALA?

Chotsutsa ichi chioneka ngati chopeka, koma chinalembedwa ndithu. Mu September 1977, mkulu wina wa bungwe la alimi a mapichesi la National Peach Council analembera boma la United States kalata. M'kalatamo anati kusabereka kobwera ndi mankhwala si koipa nthawi zonse, popeza alipo anthu amene alipira ndalama kuti atsekedwe. Ndipo anapereka maganizo akuti ntchitoyo ipatsidwe kwa okalamba, kapena kwa amene safunanso ana.

Mawu amenewa atithandiza, chifukwa aulula poyera ganizo limene ena analisunga mumtima. Ndilo ganizo loona munthu ngati chida: mwini fakitale afuna manja ake ndi msana wake, ndipo zotsalazo sizim'khudza. Ng'ombe yapagoli ifulidwa kuti ikoke bwino, ndipo palibe aifunsa. Koma munthu sanalengedwere ntchito ayi. Ntchito ndiyo ilipo chifukwa cha munthu ndi banja lake. Bambo apita kumunda m'mawa kuti ana ake adye. Ntchito imene imudyetsa lero ndi kum'landa ana omwewo yasandutsa zinthu chadodolido. Ndipo m'malo mofunsa kuti, tikonze bwanji ntchito kuti iyenerane ndi munthu, kalatayo inafunsa kuti, tipeze kuti munthu woyenerana ndi poizoni.

TCHIMO LA KUKHALA CHETE

Tsono cholakwa chinagona pati? Palibe umboni wakuti wina anakhala pansi nakonza chiwembu choumitsa amuna a ku Costa Rica. Anthu amene anachita zimenezi anali a m'maofesi, ovala bwino, okonda ana awo. Cholakwa chawo chinali chakuti anadziwa, nakhala chete.

Thomas Aquinas Woyera, pophunzitsa za kubweza zimene munthu walanda mnzake, anawerenga njira zisanu ndi zinayi zimene munthu agwirizana nazo ndi cholakwa cha wina. Pali wolamula, wolangiza, wovomereza, woyamikira choipa, wobisa wolakwa, ndi wogawana naye phindu. Zitatu zotsiriza n'za anthu amene sanachite kanthu: wokhala chete, wosaletsa, ndi wosaulula. Iye anati atatu amenewa ali ndi mlandu pamene udindo wawo unawakakamiza kulankhula. Nanga ndani ali ndi udindo wonena za kuopsa kwa mankhwala kuposa amene anawapanga nawayesa, ndi amene awapereka m'manja mwa antchito ake?

Mlanduwo sufanana kukula pa onse. Kapitawo wa m'munda, amene nayenso sanauzidwe kanthu, ali pafupi ndi ovulala kuposa ndi olakwa. Koma pamene chidziwitso chikula, mlandu ukula nawo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Katswiri amene anaona makoswe nalola kuti chenjezo lifewetsedwe, mkulu amene anawerenga za ku Lathrop nalamula kuti migolo itumizidwebe, nduna ya boma imene inamva niyang'ana kumbali, onsewa ali pa mzere umodzi. Papa John Paul II anaphunzitsa mu 1981 kuti kuwonjezera pa bwana amene alipira wantchito, palinso ena akutali, monga maboma ndi makampani a malonda a pakati pa maiko, amene zosankha zawo ziumba moyo wa wantchitoyo, ndipo iwonso ali ndi udindo.

Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi. Chidziwitso chimene chingapulumutse mnzako si chuma chako choti usunge m'bokosi, koma ndi ngongole. Kuchibisa kulakwira lamulo lachisanu, chifukwa kuvulaza thupi. Kulakwiranso lachisanu ndi chiwiri, chifukwa kulanda munthu chinthu chimene sanagulitse.

ZA KUBWEZA

Wolanda ayenera kubweza. Koma mwana wosabadwa abwezedwa bwanji? Ndalama sizingathe, komabe ndizo zokha zimene bwalo la milandu lingalamule, ndipo pamodzi nazo lipereka chinthu china chimene ovulala achifuna koposa, ndicho kuvomereza poyera kuti analakwiridwa.

Njira yake inali yaitali. Makampani anayamba ndi kunena kuti milanduyo isaweruzidwe ku United States koma kwawo kwa odandaula. Mu 1990 bwalo lalikulu la ku Texas linalola antchito a ku Costa Rica kusuma kumeneko. Mu 1997 makampani opanga mankhwalawa anagwirizana kupereka madola pafupifupi 41 miliyoni kwa antchito pafupifupi 26,000, popanda kuvomera kulakwa. Mukagawa, mupeza kuti munthu mmodzi sanafike madola 1,600. Nicaragua inakhazikitsa lamulo lapadera, la nambala 364, limene linayamba kugwira ntchito mu 2001, ndipo mu December 2002 bwalo la kumeneko linalamula makampani kulipira madola pafupifupi 490 miliyoni. Makampani anakana, ndipo mabwalo a ku United States sanalole kuti zigamulo za ku Nicaragua zikakamizidwe. Antchito okalamba ndi odwala anayenda pansi kangapo kuchokera ku Chinandega kufika ku Managua, mtunda woposa makilomita 130, nagona miyezi m'misasa ya mapepala apulasitiki moyang'anana ndi nyumba ya malamulo.

Chilungamo chitikakamiza kunenanso mbali ina. Makampani akhala akunena kuti mankhwala amene anafika pa antchito a m'munda anali ochepa poyerekeza ndi a m'fakitale, ndi kuti si onse odandaula anavulala. Mu 2007 bwalo la ku Los Angeles linagamula mokomera antchito 6 a ku Nicaragua. Koma mu 2009 ndi 2010 woweruza Victoria Chaney anagamula kuti panali chinyengo: kuti ena mwa oimira antchito anasonkhanitsa anthu amene sanagwirepo ntchito m'minda ya nthochi nawaphunzitsa zonena. Milanduyo inathetsedwa, pamodzi ndi chigamulo cha 2007. Anthu ena anatsutsa njira imene umboni wa chinyengocho unaperekedwera, popeza mboni zake zinabisidwa maina. Koma phunziro lake n'loonekeratu. Bodza lolowetsedwa m'mlandu wolungama livulaza mwini mlandu weniweni, pakuti kuyambira pamenepo aliyense wodandaula akayikiridwa. Amene anabisa choona ndi amene anapeka chonama, onse awiri anadyera pa msana wa munthu mmodzi yemweyo.

KWA IFE TSONO

Akhristu anzanga, n'kwapafupi kukwiyira makampani a kutsidya kwa nyanja, pakuti satimva. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo mawa limenelo lingatipeze ife tili kumbali ya wodziwa. Ambiri mwa owerenga nyuzi ino alembapo munthu waganyu kuti apopere thonje, matimati kapena chimanga. Si mankhwala onse awononga ubereki, koma onse ali ndi chenjezo lake, ndipo kawirikawiri mwini munda ndiye adziwa kuwerenga pamene waganyu sadziwa. Pamenepo mwini mundayo waima pamalo pomwe panaima akuluakulu a makampani aja. Ngati awerenga kuti wopopera avale zodzitetezera, nam'tuma mnzake ali wopanda nsapato, mphepo ikum'bwezera mankhwala kumaso, asadzinyenge kuti ndalama ya ganyu yatseka mlandu.

Dziko la Malawi lili ndi lamulo la mankhwala opha tizirombo la chaka cha 2000, ndi bungwe la Pesticides Control Board loyang'anira zimenezi. Koma bungwe silingaime pa munda uliwonse. Wogulitsa mankhwala otsanulidwa m'botolo la zakumwa, lopanda dzina ndi chenjezo, wachotsa ndi dzanja lake mawu amene akanateteza wogula. Bambo wolola mkazi wake woyembekezera kusakaniza mankhwala, kapena kuchapa zovala zopoperera pamodzi ndi matewera a mwana, kapena kutungira madzi akumwa m'chigubu chimene munali mankhwala, aika pa ngozi mwana amene sanamuone nkhope.

Inu akatekisti, amene m'midzi yambiri ndinu maso a anthu osadziwa kuwerenga, ntchito iyi njanu. Munthu akabwera ndi botolo, muwerengereni zonse zolembedwapo, osadumpha mawu ang'onoang'ono. Zimene simuzimvetsa, pitani nazo kwa alangizi a zaulimi. Pophunzitsa lamulo lachisanu, musalekeze pa nkhwangwa ndi mpeni, koma muwauze anthu kuti alipo mabala amene satuluka magazi.

Ndipo pamene m'mphakati mwanu muli banja lopanda mwana, kumbukirani akazi a ku Chinandega amene ananyozedwa popanda chifukwa. Musalole kuti mkazi aweruzidwe pa mphekesera, kapena kuti nkhalamba ya m'mudzi itchedwe mfiti, kapena kuti banja likankhidwire ku njira zobisika zimene ziipitsa ukwati. Alimbikitseni onse awiri, mwamuna ndi mkazi, kukayesedwa kuchipatala, ndipo mwamunayo auze dokotala ntchito zimene anagwirapo. Akumbutseni kuti Zakariya ndi Elizabeti anakalamba opanda mwana ali anthu olungama, ndi kuti Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatsimikiza mu 1965 kuti ukwati wopanda ana ukhalabe ukwati wathunthu ndi wosatha. Kusabereka si manyazi a wosaberekayo. Manyazi ali pa iye amene anakuchititsa akudziwa, ndi pa iye amene aseka.

Amuna a ku Lathrop anapulumutsa anzawo ambiri chifukwa analimba mtima kulankhulana za chinthu chimene amuna achita nacho manyazi. Akatswiri anali ndi mapepala kwa zaka 16, koma antchito wamba ndiwo anatsegula pakamwa. Aliyense wa ife, wolemba ntchito kapena wolembedwa, wogulitsa kapena wophunzitsa, adzifunse madzulo ano ngati pali chimene akudziwa, chimene mnzake akanayenera kuuzidwa, ndipo akachipeza asadikire kuti afunsidwe.